Munkoyo wa Masiku Asanu

Tsiku lachitatu la ulendo, nsapato za Rosina zinamuukira. Zinali nsapato zodula, zogula ku Mangalande m'sitolo ya anthu okwera mapiri, ndipo wogulitsa anamutsimikizira kuti zikamufikitsa kumathero a dziko. Zinamufikitsa pa Rufunsa basi. Kuchokera pamenepo chidendene chakumanzere chinatulutsa thuza lalikulu ngati dzira la njiwa.

"Vulani mathirakitala awa, ba Rosina," anatero Ba Eness, mayi wogulitsa tomato pamsewu pa Chinyunyu, amene anali atayenda ulendowu kasanu ndi kawiri ndi mapatapata omwewo, omangidwa ndi waya. "Mwendo nawo ufuna mphepo, mwandi."

"Ndikavula kutsogolo."

"Kutsogolo muzavula na zala zonse."

Analipo anthu makumi anayi ndi atatu, ambiri mwa iwo azimayi a zitenje za mpingo. Chaka chilichonse mu Ogasiti ankanyamuka pafupi ndi akasupe a madzi otentha a pa Chinyunyu, onunkha ngati mazira owola, n'kuyenda wapansi masiku anayi kukapemphera ku mishoni ya Mpanshya. Kutsogolo kunkayenda mtanda wa mukwa, wautali kuposa munthu, ndipo lamulo lake linali limodzi: usakhudze nthaka kuchokera ponyamukira mpaka pa guwa. Popuma ankaugoneka pamipando iwiri. Poyenda munthu ankausenza mapolo a magetsi khumi, kenako n'kupatsira mnzake. Wowerenga mapolowo anali Ba Mordecai, katekisiti wowonda wa wezulo pakhosi, amene ulaliki wawo uliwonse, kaya uyambire pa ubatizo kaya pa feteleza, unkathera pa kuipa kwa mowa.

Rosina ankayenda akuyang'ana dziko limene analisiya zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo dzikolo silinkamubwezera moni. Pamene panali nkhalango ya misuku, imene ankalowamo ali mtsikana n'kutulukamo milomo ikumata, panali zitsa ndi lupsa. Mitengoyo inali m'mbali mwa msewu, m'matumba a makala oimirira mondondozana ngati anthu odikira minibasi. Kunja kuja anawerenga mabuku ambiri a anthu obwerera kwawo, ndipo m'mabukumo nthawi zonse mumakhala mtengo umodzi wokhulupirika wodikira mwini wake. Wake anthu anauphikira nyemba ku Lusaka.

Anzake a paulendo ankati wabwera kudzathokoza Mulungu pomubweza kwawo ali moyo. Iye sankatsutsa. Koma choona chake chinali chakuti njirayi inkadutsa pakhomo pa akulu ake, a Fridah, amene aliyense ankawatcha Amake Lewis, ndipo pakhomopo m'pamene oyenda ankapumira masana a tsiku lachitatu.

Amayi awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Rosina osabwera. Mapepala ake anali asanakonzeke. Akanatuluka m'dziko muja sakanalowamonso. Choncho anatsala akusambitsa nkhalamba za eni, kuzipesa, kuzidyetsa ndi supuni, pamene amayi ake ankatembenuzidwa pamphasa ndi manja a Fridah okha. Chibwerereni mu Meyi anapita pakhomopo kawiri. Koyamba anauzidwa kuti eni ake ali kudimba. Kachiwiri anawaona ndi maso ake akulowa m'nyumba n'kukoka chitseko.

Koma woyenda ulendo wa mtanda satsekeredwa chitseko. Mwambo wake unali wakuti mwini khomo apereke kapu ya munkoyo m'manja mwa aliyense, mmodzimmodzi, osalumpha munthu, ndipo wopempha kuonjezera asamanidwe. Rosina sankafuna zambiri. Ankafuna kuti akulu ake amuyang'ane kumaso n'kumutchula dzina. Masiku atatu a fumbi ndi matuza anawayendera kapu imodzi.

Anafika dzuwa lili paliwombo, makosi atauma moti nyimbo inali itasanduka kung'ung'udza. Pansi pa mtengo wa mango panali mipando iwiri ya mtanda, ndi dramu ya buluu yofundikidwa chiguduli chonyowa. Pambali pake panaima mayi wa imvi, atamanga chitenje pachifuwa, mapazi atawatsegula pang'ono monga ankaimira amayi awo. Rosina anabisala kumbuyo kwa Ba Eness, amene sanali aakulu mokwanira kubisa munthu.

"Mwatichedwera, ba katekisiti," anatero a Fridah ndi mawu otulukira m'mphuno, chifukwa mphepo ya Ogasiti inali itawapatsa chimfine. "Munati Lachiwiri. Lero ndi Lachisanu."

"Tinali ndi maliro a mkulu wa mpingo, Amake Lewis. Tinatumiza uthenga pa foni ya Lewis."

"Lewis ali ku mlatho wa Luangwa, anapita kukaoda nsomba. Foni ili m'thumba mwake." Anapukuta mphuno. "Ine ndinaphika Lamulungu. Tsiku lililonse ndimati abwera mawa, abwera mawa. Koma musade nkhawa, dzulo ndathiramo shuga wambiri kuti usawawase."

Munkoyo ndi chakumwa cha ana ndi cha apongozi: phala la chimanga lothira mizu yosinja, lotsekemera tsiku loyamba ndi lachiwiri. Lachitatu umayamba kuyankha. Lachisanu, makamaka ukapatsidwa shuga, umakhala utasintha mpingo. Zimenezi aliyense pabwalopo ankazidziwa. Koma ludzu linali litawatseka makutu.

A Fridah anatsegula dramu, ndipo dramuyo inapuma. Anatunga kapu yoyamba n'kuigunditsa pamilomo, monga amachitira mwini chakumwa posonyeza kuti mulibe choipa. Anangogunditsa chabe osameza. A kuchipatala anawaletsa zotsekemera chifukwa cha matenda a shuga. Kenako anathyola bondo n'kupereka kwa Ba Mordecai.

Ba Mordecai anapapira theka. Anaima. Kholingo lawo linakwera n'kutsika. Anayang'ana m'kapu, anayang'ana mayi wachikulire amene anasinja mizu ndi kudikira masiku asanu, anayang'ana mpingo wawo wonse uli duu, ukuwadikira.

"Wabwino," anatero pang'onopang'ono. "Uli ndi mphamvu." Anatsiriza theka linalo.

Ndiye ndani akanatsutsa katekisiti? Kapu zinayamba kuyenda. Mayi aliyense ankamwa, n'kutukula nsidze, n'kuyang'ana mnzake, n'kunena kuti, "Zikomo, Amake Lewis, manja anu ndi odala." Panalibe wofuna kukhala woyamba kuchititsa manyazi mwini khomo. Ndipo, kunena mosabisa, panalibenso wofuna kuti dramu itsekedwe.

Ba Eness atamwa anatembenukira kwa Rosina n'kunong'ona, "Uyu munkoyo wakula, mwandi. Angakwatiwe."

Kenako inafika nthawi ya Rosina. A Fridah anatunga, anagwira kapu ndi manja awiri, anathyola bondo monga anachitira kwa aliyense. Maso awo anali pa nsapato za ku Mangalande.

"Landirani, mlendo."

Rosina analandira. Kumeza koyamba kunamuuza zonse. Zaka za vinyo wotchipa m'kachipinda kozizira zinali zitamuphunzitsa kudziwa chakumwa choluma. Akanatha kunena. Akanati, akulu, uwu ndi mowa, ndipo a Fridah akanamuyang'ana ndithu, koma akanamuyang'ana ngati munthu wochoka kutsidya la nyanja kudzawavula pamaso pa mpingo. Anamwa mpaka pansi. Anatambasula dzanja.

"Ndionjezereni, akulu."

A Fridah anatunganso. Rosina anamwa mosafulumira, maso ake ali pamphumi pa akulu ake, pa kachipsera ka pamene anawagenda ndi mango osapsa ali ana. Mphumiyo sinatukuke.

"Inanso."

"Alendo a ku Mangalande amamwa ngati ng'ombe yochokera kolima," a Fridah anauza dramu. Koma anatunga.

Kapu yachitatu itatha, wezulo inalira. Mtanda unanyamulidwa pamipando. Rosina anabweza kapu, zala zawo zinakhudzana pa chogwirira, ndipo a Fridah anatembenuka kukakankha nkhuku zimene zinkazungulira dramu. Panalibe dzina. Panalibe diso. Rosina anatuluka pabwalo ali ndi mimba yodzaza ndi mtima wopanda kanthu, akudziuza kuti akafika pa phula akwera basi yoyamba yopita kulikonse.

Mapolo makumi awiri oyamba anayenda mwaulemu. Kenako wina kumbuyo anayambitsa nyimbo ya kulapa, ija yoimbidwa mokoka ngati pamaliro, koma inatuluka ikuthamanga. Azimayi anaigwira, anaiwombera m'manja, anaiika chiuno. Mayi wina wokalamba, amene kuyambira ku Chinyunyu ankayenda ndi ndodo akubuula, anayamba kuizunguza ndodoyo pamwamba pa mutu. Nthungululu zinabuka popanda chifukwa. Lole yopita ku Chipata itadutsa n'kuliza hutala, gulu lonse linaigwedezera manja ngati ikunyamula mkwatibwi.

Mbuzi ina inaima pachulu n'kuwayang'ana ikubzikula. Palibe chimene inachita. Koma Ba Eness anati ikufanana ndi malemu amuna awo akamamvera nkhani pa wailesi, ndipo anthu makumi anayi anaseka mpaka ena kukhala pansi m'fumbi, wosenza mtanda akupempha kuti amuchitire chifundo, nthiti zikumupweteka.

Ba Mordecai ankayenda mowongoka kwambiri, mowongoka mokayikitsa. Wezulo yawo inali itayamba kutsata ng'oma yosaoneka.

"Zisanu ndi ziwiri," ankawerenga mapolo. "Zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi ziwiri."

"Ba katekisiti, iyo ni polo imodzi," anatero Ba Eness. "Simunasunthe. Mwaimirira."

"Ndikuitsimikiza."

Kenako mzimu wa ulaliki unawagwera. Anatembenuka, n'kumayenda chambuyo atayang'ana mpingo, chala m'mwamba. "Abale ndi alongo, mowa ndi mdani." Mpingo unavomera ndi chimwemwe chachikulu. "Mowa umalowa m'nyumba ngati, ngati mlendo wabwino. Wozizira bwino. Wotsekemera pang'ono pa lilime." Anaima kaye, akuganizira zimene ananena. "Ndiye chifukwa chake ndi woopsa."

"Amen," anatero azimayi, misozi ikutsika.

Rosina anadzipeza akuseka. Sanafune. Anali atakonza kulira, anali atasankha ndi malo ake, kuseri kwa tchire lina patsogolo, koma chiseko chinabwera kuchokera m'mimba ngati thovu la m'dramu muja, ndipo chinakana kubwerera. Anakhala pamwala, anamasula mathirakitala aja n'kuwakoleka pakhosi ndi zingwe zake. Fumbi lofunda linalowa pakati pa zala zake, ndipo mapazi anakumbukira okha mayendedwe. Mapiri a kutsogolo ankasuntha pang'ono ngati akuvina nawo. Ngakhale zitsa zinkaoneka ngati zikhoza kuphukanso mawa m'mawa zikafuna.

"Kodi mukudziwa, ba Eness, kuti ine dzina langa lenileni ndine Kanjuchi?"

"Nani anakupatsani?"

"Akulu anga. Amayi akaphika munkoyo, ine ndinkazungulira mbiya tsiku lonse, kunyambita chipande. Tsiku lina ndinagweramo mutu. Anandikoka miyendo ndi a Fridah." Anaseka, kenako chisekocho chinapindika penapake. "Lero ati mlendo."

"Manje mlendo wamwa makapu atatu," anatero Ba Eness. "Imani bwino, mtanda wafika pa inu."

Unalidi utafika. Apa njira inali itasiya phula n'kulowa chidule cha miyala chotsetserekera kukamtsinje kouma. Anamuika nkhata paphewa, anamusenzetsa. Mukwa ndi mtengo wolemera ngakhale kwa munthu wosamwa. Rosina anaponda kamodzi, kawiri, ndipo njira inagawika pawiri, iliyonse ikumuitana. Anasankha ya pakati. Nsapato za pakhosi zinkamumenya pachifuwa. Mtanda unayamba kupendekera kumbuyo, mwendo wake wautali ukutsika, ukutsika, ngati ukufuna kununkhiza nthaka.

"Gwirani kumbuyo," anatero wina, ndipo anthu atatu anathamangira, n'kuwombana mitu, n'kugwa mulu umodzi akuseka. Ba Mordecai analiza wezulo, koma wezulo sigwira mtanda. Rosina anamva thuza lija likuphulika pamwala. Bondo linapinda. Kumbuyo kwake, pakati pa mtengo ndi nthaka, panatsala mpata wongokwana chikhatho.

Belu la njinga linalira. Chinthu chinagwa ndi phokoso la zitsulo ndi madzi otayika. Kenako mtanda unapepuka mwadzidzidzi, ngati wina wauchotsera theka.

"Kanjuchi, imirira bwino, chitsiru iwe."

Rosina sanathe kucheuka. Mtanda unali pakhosi. Koma mawu otulukira m'mphuno aja anawazindikira osaona mwini wake. Anawongola bondo. Anaima.

A Fridah anali atagwira mwendo wa mtanda ndi manja awiri, akupumira m'mwamba, duku litapita mbali. Njinga ya Lewis inali chigonere m'njira, gudumu likuzungulirabe, chigubu cha madzi ndi thumba la chinangwa chootcha zitamangidwa pa kaliyala.

"Ba katekisiti," anatero, "mwamwetsa mpingo mowa."

"Ine, Amake Lewis?"

"Inu munalawa woyamba. Ine ndilibe mphuno. Ndataya masese kuseri kwa khitchini, nkhuku zajompha. Pano tambala wagwa pamtondo kawiri, ndipo akufuna kumenyana ndi khasu."

Gulu lonse linaphulikanso. Mayi wa ndodo uja anagona chagada m'udzu. Ba Mordecai anavula chipewa n'kuyang'ana mkati mwake, ngati yankho analisunga mmenemo.

"Ndinaona kuti mwavutika nawo masiku asanu," anatero motsitsa. "Ndinati ndinene bwanji."

"Nonsenu makumi anayi, pakamwa panu panamatidwa ulemu. Masulani chigubu icho, mumwe madzi. Mudye chinangwa chimenecho musanakafike pamaso pa ansembe mukununkha ngati shabini."

Anthu anaunjikana panjinga. Awiri okha anatsala ndi mtanda, wina kutsogolo wina kumbuyo, mtengo wa mukwa uli pakati pawo.

"Iwe unadziwa," anatero a Fridah.

"Ndinadziwa."

"Osanena bwanji?"

"Pamaso pa mpingo wonse, akulu?"

"Ndiye n'kumwa makapu atatu?"

"Munali musanandiyang'ane."

Rosina anamva mtanda ukusuntha. A Fridah anali kuyenda nawo m'manja, dzanja pambuyo pa dzanja, kubwera kutsogolo, mpaka anafika pamene akanatha kumuona nkhope. Anamuyang'ana nthawi yaitali, monga ankasankhira nyemba zofumbwa.

"Ndakuyang'ana. Wakalamba."

"Inunso."

"Ine ndili ndi chifukwa." Anakoka mphuno. "Amayi ankalemera kuposa mtengo uwu. Ndinkawatembenuza ndekha, miyezi khumi ndi inayi."

"Ndikudziwa, akulu."

"Sukudziwa. Ndidzakuuza. Zonse, tsiku ndi tsiku, ndi zimene ankakunena, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndipo udzakhala pansi n'kumvera, osati kuthawira m'mapepala."

"Ndidzamvera."

"Waledzera. Mawa udzaiwala."

"Mudzandikumbutse."

A Fridah anatulutsa kamawu m'mphuno, kosadziwika ngati chimfine kapena china. Anayang'ana mapazi a mng'ono wawo, oyera ndi fumbi, chidendene chikutuluka madzi, kenako nsapato zolendewera pakhosi.

"Ndalama zonse zija, nsapato n'kumavala m'khosi." Anabwerera kumbuyo, n'kuika mwendo wa mtanda paphewa pawo. "Yenda. Uyambe ndi lakumanzere. Lakumanzere, Kanjuchi, linalo."

Anatsika kukamtsinje, anawoloka mchenga, anayamba kukwera tsidya linalo. Nyimbo ya kulapa ija inadzukanso kumbuyo kwawo, ikadali ndi chiuno chake. Ba Eness anakwera njinga ya Lewis ndipo anadutsa akuliza belu, akuyenda mokhotakhota ngati njoka, akuuza aliyense kuti akupita kukachenjeza Mpanshya. Njira itakumananso ndi msewu, Ba Mordecai anawapeza akuthamanga pang'ono, chinangwa m'dzanja.

"Amake Lewis, nkhani iyi siyofunika kuti ansembe aimve."

"Mukauze tambala wanga."

"Ndiye mapolo, ndasokonezeka. Ba Rosina asenza angati?"

"Awiri," anatero a Fridah, ngakhale anali atadutsa khumi ndi atatu. "Musiyeni asenze."

Rosina sanatsutse. Phewa linkayaka, mutu unkayandama, ndipo kumbuyo kwake ankamva kupuma kwa akulu ake ndi mapazi awo akuponda pamene iye wapondapo.

"Ine ndibwerera pa sukulu apo, nkhuku zanga zili zokha ndi uchidakwa wawo," anatero a Fridah. "Iwe ukapemphere, ukalape makapu ako atatu. Pobwerera Lamulungu usapitirire ndi basi. Utsike pakhomo."

"Nditsika."

"Dramu ija sinditsuka ndekha. Wamwa kwambiri ndiwe."